Oyilo Anatentha, Abwana Osamva

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Middlesbrough tili moyo.

Loweruka ndinaperekeza abwana anga akugalaja komwe ndimagwira ntchito kokathamangitsa galimoto yawo yampikisano. Atazungulira bwalo kangapo anaima, ndipo ndinapeza oyilo wa mu injini ndi wa mu giyabokosi atatentha kwambiri. Ndinati, "Bwana, dikirani azizire kaye." Iwo anaseka: "Angatenthe bwanji ndi kuzizira kumeneku? Ndizungulirako kamodzi kokha." Sanafike patali, giyabokosi inapsa. Tinaikankha galimotoyo mvula ikutimenya.

Sabata yonseyi ndakhala chagada pansi pake, msana ukuwawa, kumangirira choziziritsira oyilo chomwe ndinawauza kalekale kuti agule. Kupepesa sanapepese, inenso mphamvu zowakumbutsa ndilibe.

Muzindipempherera. Amayi mungowauza kuti ntchito ikuyenda. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Yamikani