Uthenga wa ba Lighton wamveka shopu yonse

Lolemba, 3 Juni 2019

Foni yanga yakuda ya pa desiki yapita. Natasha, mwana wa abwana, waikulunga ndi waya wake womwe n'kuiponya m'katoni. Akuti nambala ya shopu tsopano izikhala pa intaneti, munthu akaimba izilira m'mafoni athu a m'manja, kaya uli kudepoti, kaya uli m'minibasi ya ku Lusaka. Ine amene ndinayamba kuyankha mafoni kufakitale ya nsalu asanatichotse ntchito, lero mwana wadzulodzulo akundiphunzitsa kunena halo!

Komatu wandisankha ine kujambula mawu olandirira makasitomala. "Ba Clementina, imwe muli na voisi ya pa wailesi." Ndinakana pang'ono, mwamwambo chabe. Ndiye ndi ine uyo: "Takulandirani. Mukafuna chakudya cha nkhuku dinani wani, mukafuna galimoto dinani thuu, tikapanda kuyankha siyani uthenga." Tabwereza mpaka kukhosi gwa.

Lachiwiri, 4 Juni

Ba Lighton, kasitomala wathu woweta nkhuku, sanamveke dzulo, lero ayinso. Munthu amene salumpha Lolemba. Oda yawo ya matumba a chakudya cha nkhuku imatha msanga, kwinako n'kucheza: anapiye, bondo lawo, BP yanga. Akazi awo anamwalira kale, ine amuna anganso chimodzimodzi. Palibe chimene anandiuzapo. Koma Lolemba ndimavala ndolo, ngati pafoni zimaoneka.

Lachitatu, 5 Juni

Mayo ine, nthaka ikanatseguka ndikanalowa.

Cha m'ma teni mafoni athu onse analira pamodzi, uthenga wamawu. Ine ndinali ndi kasitomala. Ndinangomva kuseka kumene amakwezera katundu. Humphrey, dalaivala wathu, wakweza foni m'mwamba, voliyumu mpaka kumapeto, ndipo mawu ndi a ba Lighton.

Iwo sanadine wani kapena thuu. Anamva mawu anga n'kuyamba kupereka moni, kufunsa za kunyumba. Makina atasiya kulankhula anayesa ndili pomwepo ndikumvetsera. "Ba Clementina, popeza lelo muli zii, lekani nikambe vamene vanikanga kudala. Nkhuku zili bwino, koma nyumba yazizila. Nifuna kuziba kwamene ankhala bamalume banu." Anadikira. Kenako, mosangalala: "Simunayankhe. Mukazi wa ulemu ni so. Namvela, zikomo."

Kufunsira kwanga, pa msinkhu uno, kwamvedwa ndi onyamula matumba. Ndinakalipa mpaka onse anabalalika. Nditatsala ndekha ndinaumveranso, kenako kubwerezanso. Ndakondwa, bodza n'loipa.

Lachinayi, 6 Juni

Humphrey pakamwa pake mpopanda chitseko. Wakumana ndi ba Lighton pamsika, n'kukuwa anthu ali mbwee: "Shani ba mulamu! Nyumba ikali yozizila?" Akuti bambo aja anangovula chipewa, n'kuchivalanso, n'kutembenuka. Madzulo ndamva kuti matumba akagula kushopu ya pafupi ndi sitesheni.

Ndiye kuti akuganiza kuti ine ndinawatchera anthu kuti aziwaseka. Ndaimba, sakuyankha. Ndaimba ndi nambala yangayanga, chimodzimodzi. Nshima yandikanika.

Lachisanu, 7 Juni

Natasha wabwera maso ali pansi. Akuti anatchera kuti uthenga uliwonse uzipita kwa tonse, kuopa kuti oda ingasowe. Tsopano wakonza, uzifika kwa ine ndekha. Mwana wabwino, wandigulira ndi fanta. Anafuna kuwatumizira ba Lighton kameseji kofotokoza mmene makina amagwirira ntchito. Ndati ayi mwanawe, makina ayankhula zokwanira sabata ino.

Zinazo zikuyenda, chilungamo. Mayi wina wa ku Nangongwe waoda matumba ine ndili pamzere kubanki, ndipo Humphrey anamupeza asanafike ndi kunyumba komwe. Foni yakuda ija sikanatha zimenezo.

Humphrey ndamuuza kuti mawa galimoto ili ndi ulendo wa ku Shimabala kwa ba Lighton, ndipo akatsegula pakamwa panjira ndimutsitsa ndiyendetse ndekha. Sinditha kuyendetsa, iye akudziwa, koma wavomera.

Loweruka, 8 Juni

Tinawapeza kukhola, atavala magambutsi, ndowa ili m'manja. Atationa ananamizira kuwerenga nkhuku. Humphrey anatsika, n'kupepesa bwinobwino manja ali kumbuyo, kenako ndinamuloza kugalimoto. Anakakhala n'kutseka ndi mawindo omwe.

Tinapatsana moni wautali, wa bondo ndi BP. Kenako ndinati, "Ba Lighton, uja munakamba naye sindine. Ni mau yanga chabe yanajambuliwa. Ine sininaliko pa foni, ndipo sininapase munthu kuti amvele."

Anayang'ana ndowa. "Manje uja ananiyankha na kunkhala zii ni ndani?"

"Ni mashini."

"Nanga ine masiku yonse aya nenze kuyenda monga munthu bamuvomela, pambuyo monga munthu bamuseka. Vonse ni mashini?"

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo inandimvetsa chisoni. Ndinati, "Funsani futi. Apa niliko."

Anaika ndowa pansi, n'kupukuta manja pa ovolosi. Za nyumba yozizira anazisiya, anangofunsa za amalume. Ine ndinayang'ana pansi, chala chaphazi chikukanda dothi ngati mtsikana, osayankha. Nkhuku zokha phokoso.

Anadikira, anadikira, kenako anaweramira kuti andione kumaso.

"Apa ni imwe mwankhala zii, ai?"

"Ni ine," ndinatero. "Bamalume bankhala ku Nangongwe, kumbuyo kwa chigayo. Musaimbe foni. Mutume munthu."