Kum'mawa kwa Chulu Sitikumba

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo, kungoti ine mtima sunakhazikike ndi zimene zachitika Lachiwiri lapitali, ndiye ndati ndikulembereni poti nkhaniyi mwini wake ndinu. Koma ndiyambe ndi zabwino, mungati Malita amakukumbukirani pakagwa zovuta pokha. Mdzukulu wanu Tiyamike wachira ku chipatala cha Kabudula mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija. Mtedza chaka chino wachita bwino. Fodya ndiye watikana, anapserera ndi ng'amba asanakule n'komwe. Mbuzi yanu yamawanga ija ikadalipo, yakalamba koma kuba sinasiye, dzana yadya nyemba za a Nangozo zili pamphasa.

Tsono nkhani ndi ya achimwene a Gidiyoni ndi kampani yawo yomanga nyumba. Inu munaisiya ili ndi malole awiri ndi kaofesi kamodzi pa Msundwe. Zaka zitatu zokha chikuikireni m'manda, simungaizindikire. Ofesi ili m'tauni tsopano, nyumba yosanja, pakhomo pali mlonda wofunsa dzina. Njerwa zootcha anasiya, akuumba mabuloko a simenti ndi makina. Mukamayenda pa msewu wa ku Mchinji mumaona nyumba zofanana zili m'mizere ngati mapesi a chimanga, zonsezo n'zawo. Antchito awo ena sadawaonepo achimwene ndi maso, amangomva kuti kuli bwana. Ine ndikamva anthu akuti bwana ndimafuna kuseka, chifukwa ndimaona mnyamata uja wa kabudula wong'ambika kumbuyo, matope mpaka m'makutu.

Mukukumbukira eti mmene zidayambira? Inali nthawi imene matipate ankangoyamba kumene, achimwene atalephera kusankhidwa kupita ku sekondale, akungokhala pakhonde ngati munthu wodwala. Inu munagulitsa mtedza, n'kukapangitsa chikombole choumbira njerwa kwa kalipentala wa pa Msundwe, n'kudzawaponyera pamiyendo. Munati, "Manja muli nawo, dothi lili pachulu apo, mukulira chiyani?" Madzi tinkatunga ndi ife awiri, ine ndi inu, kuchokera kudambo mpaka pachulu cha m'munda mwanu, khosi kuchita kuuma. Uvuni woyamba unapsa mbali imodzi yokha. Wachiwiri unapsa bwino, ndipo njerwa zake ndi zimene anamangira khitchini ya abusa, imene ngodya yake ina inapendekeka mpaka lero. Atatero anatsatira amisiri okonza nyumba za antchito ku Chitedze, n'kuphunzira kuwongola khoma ndi chingwe ndi levulo. Kenako golosale ku Namitete, kenako nyumba za aphunzitsi ku Nsaru, wilibala n'kusanduka ngolo, ngolo n'kusanduka lole.

Zaka zonse zimenezo lamulo lanu linali limodzi. Munkati, "Kumbani kumadzulo kuno, kum'mawa kwa chulu sitikumba." Achimwene akafunsa chifukwa, munkati kuli njoka yaikulu. Iwo anakhulupirira, poti njoka ankaiopa kuposa chikoti cha aphunzitsi. Ine choona munandiuza nditakhala ndi pakati pa Tiyamike, tsiku lija tinkapalira chimanga pafupi ndi chulucho. Munandionetsa phale lokwiririka theka m'dothi pansi pa kamtengo ka mpoza, n'kunena kuti mwana wanu woyamba, wamwamuna, anabadwa atafa kale, ndipo amayi anzanu anakamuika pamenepo. Munandiuza kuti mtayo amaika ndi akazi okhaokha, salira, ndipo dzenje lake silizama, akuti likazama mayi sadzaberekanso. Munati, "Izi n'za ife akazi. Bambo ako anangodziwa kuti mwana sanakhale, malo sanawadziwe. Iwenso mwamuna usadzamuuze." Ndinasunga, Amayi. Ngakhale bambo a Tiyamike sadziwa.

Pa Khirisimasi achimwene anabwera kumudzi ndi mawu. Anati akufuna kumanga sukulu yophunzitsa achinyamata umisiri wa zomangamanga m'munda mwanu, n'kuitcha dzina lanu, poti kampani yonse inachokera pamenepo. Anandipempha mwaulemu, podziwa kuti munda ndi wa ife ana aakazi. Ine ndinasangalala, ndinavomera, ndinachita kuwomba m'manja. M'mutu mwanga ndinkaona chigawo cha kumsewu chija, chimene chimangomera nsenjere. Sindinafunse kuti amanga pati. Inu munkati safunsa adadya phula, ndipo phula ndadya ndine.

Lachiwiri m'mawa ndikuthyola mtedza pakhomo, ndinamva chiphokoso kumunda, nthaka kuchita kunjenjemera. Ndinathamanga opanda nsapato. Nditafika ndinapeza munda wonse uli zikhomo zomangidwa tinsalu tofiira, amuna ovala zipewa zolimba ali balalabalala, ndipo katapila, chigalimoto chija chosalaza malo ndi chikhasu chake kutsogolo, ali pachulu. Mbali ya kumadzulo, paja tinkakumba, inali itapita kale yonse. Chikhasu chinali chikubwerera kuti chidzadulenso, ndipo pakati pa chitsulocho ndi kamtengo ka mpoza panatsala mapazi mwina anayi. Amayi, sindinadikire. Ndinangokwera n'kukhala pansi pa mpoza paja, miyendo tambalale, phale lili kumbuyo kwanga.

Woyendetsa anazimitsa. Kapitawo wawo, bambo wonenepa wolankhula ngati wa kummwera, anabwera ali ndi chipepala cha pulani m'manja. Anati, "Mayi, mukufuna kufa kodi? Tsikani apo." Ndinati sinditsika, ndipo ndine mlongo wawo wa eni kampani. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, chitenje changa chakumunda, dothi la mtedza m'zikhadabo, n'kuseka pang'ono. Anati alongo awo a bwana amawapeza kulikonse kumene apita kukagwira ntchito. Anandionetsa pulani kuti msewu wolowera kusukuluyo udutsa ndendende pachulupo, ndipo iye anatumidwa kusalaza, basi. Sindimuda munthuyo, ankagwira ntchito yake. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti pa chipepala chonsecho chulu panalibe. Panali timizere tokha.

Ndinabwereka foni yake n'kuimbira achimwene. Anayankha mtsikana wa mawu osalala, kuti bwana ali pa msonkhano, ndinene uthenga. Ine kunena uthenga kwa mlendo kuti ndilankhule ndi munthu amene ndinkamuzula matekenya! Ndinati akawauze kuti Malita wakhala pachulu ndipo achokapo akabwera iwo eni, apo ayi amusalaze limodzi.

Dzuwa linakwera, ine ndili pompo. Anthu anayamba kusonkhana m'mbali mwa munda, ena akunong'ona kuti ndazungulira mutu, ena kuti ndi nsanje ya pachibale. Chakumasana ndinaona a Nangozo, anzanu aja mumakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi, akubwera ndi ndodo yawo. Anakwera movutika, n'kukhala pambali panga. Anandinong'oneza kuti, "Mwanayu ndinamunyamula ndine." Mwa amayi onse amene analipo tsiku limenelo, atsala ndi iwo okha.

Achimwene anafika cha m'ma 2 koloko, galimoto lawo lalitali lija likufuka fumbi. Anatsika ndi suti, nkhope ili gwa. Anati, "Malita, si iwe unavomera? Lero ukundichititsa manyazi pamaso pa antchito anga?" Ndinati ndinavomera munda, sindinavomere chulu. Anati, "Za njoka ya amayi ijazi? Njoka imeneyo inafa kalekale. Ndagwetsa zulu zingati ine m'dziko muno?" Anatembenuka n'kukodola woyendetsa kuti alize katapila, poganiza kuti phokoso lindithawitsa.

Apa ndiye pamene ndinakulakwirani, Amayi. Ndinayang'ana a Nangozo, iwo anangoweramitsa mutu. Ndinaona kuti ndikasunga mawu anu nditaya mwana wanu, ndipo ndikasunga mwana wanu nditaya mawu anu. Ndinaimirira, n'kuwagwira achimwene dzanja, kuwakokera kuseri kwa mpoza kumene antchito sakanamva. Ndinawaonetsa phale. Ndinati, "Achimwene, njoka kunalibe. Apa pagona mwana wa amayi, amene anabadwa inu musanabadwe. Ndipo sali patali, khasu limodzi lokha limufukula."

Sindinawaonepo achimwene ali chonchija. Nkhope inachita kutuwa. Anayang'ana phale, anayang'ana chitsulo cha katapila, anayang'ananso phale, ngati akuyeza ndi maso mtunda umene unatsala, poti kuyeza ndiyo ntchito yawo. Anakweza dzanja, woyendetsa n'kuzimitsa. Anafunsa motsitsa mawu, "Wamwamuna kapena wamkazi?" Ndinati wamwamuna. Anati, "Ndiye kuti ine si woyamba?" Ndinati ayi, mkulu wanu ndi ameneyu. Anakhala pansi padothi ndi suti yomweyo. Anati, "Zaka zonse zija ndikukumba mbali iyi, iye ali mbali iyo, amayi akutithirira madzi pakati pathu, osanena?" Ine misozi inangoyamba yokha, ngakhale munati mtayo salira.

Kenako, monga mukuwadziwa, anadzambatuka ndi maganizo. Anati amumangira chiliza, cha mwala wonyezimira wochokera kunja, chokhala ndi mpanda ndi denga, choti munthu wodutsa pamsewu aziima. Anayamba kale kuyeza ndi mapazi. A Nangozo anawaleka ayeze, kenako anati, "Gidiyoni, mtayo samangira. Alibe dzina loti ulembe. Chimene angafune kwa iwe n'kumusiya agone." Achimwene anaima ndi phazi limodzi m'mwamba. Munthu wamangira nyumba anthu osawadziwa kuyambira ku Namitete mpaka m'tauni, koma mbale wake sangamuikire ngakhale njerwa imodzi. Ndinawamvera chisoni, Amayi, chisoni chenicheni.

Anapita kwa antchito n'kupempha fosholo. Kapitawo anathamanga kuti awagwirire ntchitoyo, iwo anakana. Anavula jekete ndi nsapato, n'kuyamba kubwezera dothi limene katapila anadula, fosholo imodzi imodzi, kulitsamiritsa kumbali ya mpoza kuti mvula ikabwera isadzakokolole. Antchito amene anali asanamuonepo bwana wawo anamuona tsiku limenelo, thukuta kamukamu, matope m'miyendo. Palibe anawauza chifukwa chake, ndipo palibe anafunsa. Atatha anatenga cholembera, n'kujambula chulu pa pulani paja ndi dzanja lawo, n'kuuza kapitawo kuti msewu ukhote. Kapitawo anati kukhota kuwononga maonekedwe. Iwo anangoti, "Kum'mawa kwa chulu sitikumba."

Ndiye sukulu imangidwa, dzina lanu likhala pa geti, ndipo msewu wake ukhala ndi ngodya imene alendo azidabwa nayo. Manja a achimwene atuluka matuza, akuti akulephera kugwira chiwongolero. Dzulo anandiimbira okha, osadzera mwa mtsikana uja, kungofunsa ngati mpoza sunafote.

Pepani, Amayi, ndaulula kwa mwamuna chimene munati ndisaulule. Ngati mwakwiya, mukwiyire ine, achimwene sanadziwe. Koma mwana wanu ali pomwe munamusiya, chitsulo sichinamukhudze, phale lake lilipo. Tiyamike akalimba ndipita naye kumunda ndikamuonetse monga munandionetsera ine, ndipo ndikulonjeza kuti ine ndili moyo pamenepo sipadzafikanso khasu. Ngati muli naye pafupi kumeneko, mumuuze kuti mng'ono wake wamudziwa tsopano.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Malita