Malaya Ovala ndi Dzanja Limodzi

14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, ndipo bambo akudya ngati mnyamata. Khalani pansi kaye, ndili ndi nkhani.

Mukudziwa kuti chifereni ziwalo mbali yakumanja, bambo ankadana ndi m'mawa chifukwa cha mabatani. Ndikamawaveka, ankangoyang'ana kukhoma. Tsiku lina anati, "Mwanawe, ndinkakuveka uli khanda, lero ukundibwezera." Iwo anaseka, ine ndinakalirira kubafa. Ndiye ndinawasokera malaya otseka ndi zomatira, mabatani n'kungowasokerera pamwamba kuti azioneka ngati malaya wamba. Munthu amavala yekha ndi dzanja limodzi.

Chimene sindinakuuzeni pa foni n'chakuti ndinasoka ena ambiri n'kumayenda nawo khomo ndi khomo. Abwana anga kushopu anawatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Ife timasoka za ukwati, osati za odwala." Mwini sitolo ya zovala sanawakhudze n'komwe. Wina anati ndibwere Lolemba, Lolembalo anati Lachisanu, Lachisanulo mlonda anandibweza pageti. Ku ofesi yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono, bambo wina anandimvetsera maso ali pa foni, kenako anati, "Mayi, ganizo ndi labwino, koma ogula ali kuti?" Ndinabwerera lamba wa nsapato ataduka, ndikukhwekhwereza phazi msewu wonse. Chikwama cha malaya ndinachikankhira pansi pa bedi, ndipo kwa nthawi ndithu makina anga anangogwira fumbi.

Ndinakubisirani poti munandilangiza kale kuti ndisamadzitopetse. Sindikukudandaulani, munkandidera nkhawa. Koma funso la bambo wa ku ofesi uja linandikhala pamtima. Ogula ali kuti? Tsiku lina ndikusita ndinadziyankha mokweza kuti, "Ali kumafizo!" Bambo anamva ali pakhonde. Anati, "Tulutsa chikwama chija. Mawa ndi tsiku langa lopita kumeneko."

Titafika kuchipatala, m'chipinda chochitira mafizo, mayi woyang'anira anandiimitsa ndisanamalize n'kulankhula komwe. "Chemwali, kuno si msika." Ndinayamba kutseka chikwama. Ndinangomva zomatira kuti phwee! Kucheuka, bambo aimirira, atsamira chitsulo chogwirira, avula malaya pamaso pa anthu onse. Achimwene, bambo anu aja amene safuna kuonedwa ngakhale opanda sokosi! Anatsala ndi vesiti yobooka paphewa. Kenako anavalanso pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere, n'kudzisisita pachifuwa ngati akupita kukafunsira.

Dalaivala wina woduka mkono anakuwa kuti, "Bwerezaninso, madala, sindinaone bwino!" Bambo anabwereza. Mayi wina wa pa njinga ya olumala anandikoka siketi n'kunong'ona kuti, "Nanga madiresi mumasoka? Ndatopa kuvekedwa ndi mpongozi." Bambo anali atayambanso kuvula kachitatu pamene woyang'anira uja, misozi ya kuseka ili mbwee, anati, "Basi agogo, mungatidwalire chimfine!" Anandipatsa mpando ndi kangodya koyezera anthu, ndipo akuti ndizibwera Lachinayi lililonse.

Panopa ntchito yandichulukira moti ndatenga mnzanga woti azindidulira nsalu. Dalaivala uja anabwera kudzatenga malaya ake, anavalira pomwepo n'kukana kuti mkazi wake amukonze kolala. Abwana anga akuuza aliyense kuti iwo ankadziwa kale kuti zidzayenda. Ndangowasiya. Ena akundikanabe, dzulo lomweli sitolo ina yandibweza, koma ndinatuluka ndikuseka n'kulowa khomo lotsatira.

Pempho langa ndi limodzi. Zomatira za kuno zimafooka zikachapidwa kangapo. Mukaona zolimba kumeneko, munditumizireko, zoyera ndi zakuda.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Ndawafunsa bambo choti ndikulembereni. Akuti tsiku lobwera musadzavutike kuwafunafuna kuchipinda. Adzakuchingamirani okha kudepoti, ndiye mudzayang'anitsitse, mungadzawapitirire.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Telala wa bambo