Mphodza Zopanda Mchere

Lachinayi, 27 Malichi 1879

Zamveka kumsika kuti mpanda waminga uja akuusiya. Boma lati msonkho lizitolera komwe mchere umachokera, alonda azipita kwawo. Ndaseka mpaka kutsokomola. Ine nthano ndanena moyo wanga wonse, ndipo mafumu omanga malinga ndimawadziwa: wina ankaopa malupanga, wina akavalo, wina wa kum'mawa khoma lake akuti limakwera mapiri. Koma azungu athuwa anabzala minga kudula dziko pakati, ulendo wa miyezi, kuopa mchere. Mdani wake mchere! Zidzukulu zidzati nkhalamba inkanama.

Loweruka, 29 Malichi

Mmodzi mwa ochotsedwa ndi Dhanpat, mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga Sukhia. Yemwe uja anandivula nduwira pachipata cha mpanda, ine mpongozi wake, kufuna mchere m'tsitsi langa, ati lamulo lilibe m'bale. Lero lamulolo lamuiwala dzina. Chitsamba cha mpanda chikauma ankasowa tulo. Munthu akamangidwa ankangoyasamula.

Lamulungu, 30 Malichi

Gokul woyendetsa ngolo wandidula nthano pakati, pansi pa bwemba. Wavula malaya anthu aone msana wake, zipsera zokhazokha. Ndi Dhanpat anamugwira ndi thumba la mchere chaka chatha, ndipo ali kundende ng'ombe zake zonse zinafa. Akuti tsiku lomwe Dhanpat adzavule lamba wa boma adzamuthyola miyendo. Anthu avomera. Ine mkamwiniyo sindinamuikire kumbuyo. Mchere wa m'nyumba mwanga ndi wa Gokul yemweyo, wodutsa pansi pa minga, ndipo umakoma kuposa wa msonkho.

Lachiwiri, 1 Epulo

Mpanda watha. Mbuzi zikulowa ndi kutuluka pachipata popanda wozifunsa zanyamula chiyani. Amayi ayamba kale kuthyola nkhuni.

Masana ndangoona Dhanpat pakhomo, Sukhia pambuyo ndi mtolo pamutu. Lamba palibe, mimba yokha. Wawerama kundigwira mapazi mwaulemu, zomwe anasiya tsiku la ukwati. Akuti amvako za Gokul, abisale kuno pang'ono. Ndati khonde ndi la aliyense, ngakhale galu amagonapo. Koma Phulmati, mkazi wanga, ndamuuza mosabisa: chakudya mupatseni, mchere ayi. Wadya mchere wako ndi mlendo wako, womumenya ayambe wamenya iwe. Mafupa angawa athyoke chifukwa cha wothirira minga?

Lachitatu, 2 Epulo

Phulmati waphika mphodza zopanda mchere, za tonse. Nditadandaula wati, “Mphika ndi umodzi, bambo a Sukhia. Mwalamula ndinu.” Zaka zonsezi mayi ameneyu sanandimverepo, wasankha lero.

Dhanpat wanyambita mbale, ati zokoma kwambiri. Wabodza woposa ine, koma wosadziwa kuliveka bodzalo. Sukhia sanadye. Sakundiyang'ananso kumaso.

Lachinayi, 3 Epulo

Ndilembe ndisanaiwale.

Tili pa chakudya cha masana, mphodza zosakoma zomwezija, Gokul wafika ndi amuna a ndodo zansungwi. Waima pabwalo, sanaponde khonde. Mwana woleredwa bwino, osati enawa. Wati, “Achikulire, funso langa ndi limodzi. Munthuyo wadya mchere wanu?”

Ndisanatsegule pakamwa, Phulmati wayankha mokweza kuti ayi, eni nyumba analetsa. Anthu odutsa mumsewu aima kuti amve. Gokul wati ndiye ndimutulutse, samakhetsera magazi pa mbale za eni.

Ndamuyang'ana Dhanpat. Chapati m'manja, thukuta kamukamu, milomo ikuyenda popanda mawu. Ichi ndicho tinkachiopa pachipata? Ndanenapo za amantha ambiri m'nthano, koma onse ndinkawasiyira kaulemu pang'ono. Kenaka Sukhia wanyamuka, wakaima pakati pa mwamuna wake ndi ndodozo. Sanalire, sanandipemphe kanthu. Ndodo ikatsika iyambira pa iye, ndipo Gokul maso anali atafiira kale.

Ndati andipatse kamphika ka mchere. Phulmati sanapite n'kukhitchini komwe, kanali kale pansi pa nsalu yake. Njoka ya mkazi.

Ndatsina mchere, ndawaza pa chapati cha Dhanpat. “Idya, mbuzi iwe. Tafuna aone.”

Watafuna. Gokul watola kanjere komwe kanagwa pakhonde, wakayang'anitsitsa, wakazindikira. Wati, “Mcherewu ndi wanga, achikulire. Womwewu ndi umene anandimangira.”

Ndangoti, “Ndi wako, mwanawe. Ndiye wadya wa tonse awiri.”

Walavula pansi. Waima nthawi, ndodo ili m'mwamba, kenaka waiponya pangolo ya mnzake n'kumapita. Anzakewo amutsatira. Sanatsanzike, ndipo sindikhulupirira kuti adzakhalanso pansi pa bwemba kumva nthano zanga.

Sukhia wadya mbale ziwiri. Dhanpat wagona pamphasa yanga ngati mwini nyumba, ndipo atadzuka wazungulira dimba langa manja kumbuyo. Akuti likufunika mpanda.