Tadala Akuti Filimuyo Ndi Yabodza

Lamlungu madzulo. Tsiku la lero landiipira.

Titaweruka ku tchalitchi tinapita ku Govanhill kwa a Banda, anthu akwathu amene tikukhala nawo kuno kudziko la eni. Anafe anatiikira filimu yakale ya makatuni ija, ya kamwana ka nyama kamene kholo lake limafa. Ine ndinakhala pakona monga mwa nthawi zonse, ndikungoona anthu.

Itatha, akuluakulu anayamba kutsutsana. A Banda anati filimu yotere si ya ana. "Kwathu mwana sitimuonetsa maliro, timangomuuza kuti agogo apita ulendo."

Akazi awo anawaseka. "Inu bambo a Chisomo, ndi nyama zojambula izi! Ana a kuno amamva zonse kusukulu."

Amayi anga anangoyamba kutolera makapu.

M'basi pobwerera, mlongo wanga Tadala, wa zaka zisanu, anati filimuyo ndi yabodza. "Makolo safa, amangopita kutali kukagwira ntchito, ngati adadi ku Blantyre. Eti achimwene?"

Adadi anamwalira chaka chatha. Amayi anapita okha kumaliro, ndipo anandiuza kuti Tadala tisamuuze mpaka atakula. Ndinawayang'ana amayi, iwo n'kutembenukira pawindo. Ndinati, "Eya."

Masiku onsewa ndinkangokhala chete. Lero ndiye ndanama ndi pakamwa panga.

Panopa Tadala ali patebulo, akujambula khadi. Akuti ndimulembere adiresi ya adadi pa envulopu chifukwa ine ndimalemba bwino. Ndamuuza kuti ndiyambe ndafunsa amayi. Amayi ali kukhitchini, ndipo sindinapitebe.