Tintchentche ta M'mabotolo a Jamu

Lolemba, 4 Okutobala 2004
Masiku 19 chibadwire mwana wa Anastazia, mdzukulu wanga woyamba. Wachialubino. Masiku 17 chichokere mkamwini, a Maliko, kupita kwawo ku Mkanda. Akwawo akuti mwana ndi wa mzungu wa ku esiteti ya fodya. Anastazia sakudya. Ankhoswe akumana pa 23.

Lachinayi, 7 Okutobala
Kalata ya Keziya, mkulu wake wa Anastazia, wa ku labotale ku Joni. Masamba anayi. Amaweta tintchentche ta pa zipatso. Akuti amazimitsa jini imodzi yokha, kalangizo kamodzi ka chibadwa, n'kuona chimene chasowa. Akazimitsa ya mtundu wa maso, maso ofiira aja amayera. Akakwatitsa toyerato ndi tofiira, tiana tofiira, tidzukulu tina toyera. Chobisika mwa makolo chimatuluka mtsogolo.
Zaka 31 ndinaphunzitsa sayansi. Ankhoswewo adzaona okha.
Ndiweta tanga: mabotolo 6 a jamu, nthochi zakupsa za pa msika wa Kamwendo, kansalu pakamwa.

Lolemba, 18 Okutobala
Tintchentche taswa. Galasi lokuzira m'manja kuyambira 7 koloko. 188. Tonse tofiira maso. Ndawerenga kawiri.

Lachinayi, 21 Okutobala
412. Koyera maso palibe ngakhale kamodzi. Kupusa kwanga! Ta kutchireti ndani anazimitsa jini yake? Keziya ali ndi makina, ine nthochi. Ndazungulira nyumba kasanu ndi kawiri. Mpando ukundikana.

Loweruka, 23 Okutobala
Ndinanyamula kalata yokha. Nkhoswe ya a Maliko, a Kefasi, akuti ndayesa mwana wa munthu ntchentche. Anaseka anthu asanu. Azakhali a a Maliko sanaseke. Tikufuna kubalalika, anati: "Mchimwene wa agogo ake a Maliko analinso chonchi. Sitimamutchula kwathu."


Lachiwiri, 26 Okutobala
A Maliko pa njinga, 10 koloko. Anyamula mwana mphindi 6. Anastazia wadya, wamaliza mbale.
Pa khonde, a Maliko, chipewa m'manja, maso pansi: "Amayi, inu mwaphunzira. Wotsatira adzakhalanso chonchi?"
Mimba iliyonse, mwayi umodzi pa inayi. Ndinaphunzitsa zimenezi ku Fomu 4 chaka ndi chaka, pa bolodi, ndi choko.
Anastazia anali kuseri kwa chitseko.
Ndinawafunsa a Maliko ngati amwa tiyi.
Abweranso Lachisanu, akuti ndi katundu wawo, ndikawayankha. Masiku atatu. Sindinanamizepo munthu pa nambala, koma...