Kumene Anagwera a Jimmy

Kangemi, Nairobi
9 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Limbani,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana mukudzuka bwino ku Zombako. Ndalemba kalata chifukwa zimene ndikufuna kukuuzani sindingazinene pafoni ana ali pomwepo.

Mwezi watha ndinakuuzani kuti amuna anga a Jimmy anagwa mumtengo ali pantchito yawo ya kukhonsolo, yosadza mitengo ya m'mbali mwa misewu. Dzanja lamanja linathyoka, msana unavulala, ndipo akadali m'chipatala. Zimenezo ndi zoona. Koma sindinakuuzeni zonse.

Tsiku lotsatira ngoziyo kunabwera kapitawo wawo, a Wafula, atanyamula chinanazi ndi fomu ya chipukuta misozi yolembalemba kale. Inkanena kuti a Jimmy anagwera pamsewu wa Lower Kabete, Lachiwiri m'mawa. Poti iwo sangagwire cholembera, anati ndisaine ine ngati mkazi wawo. Achimwene, bambo ameneyu a Jimmy agwira naye ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, akumupempha lamba womangirira m'chiuno pokwera mtengo, iye osawayankha n'komwe. Lero wasanduka m'bale wobwera kuchipatala tsiku ndi tsiku? Ndinamuuza kuti ndikaiwerenga kaye kunyumba.

Kunyumbako ndinatsegula jumbo ya zovala imene anamwino anandipatsa. Munali malaya ndi buluku zakunyumba. Ovololo yawo ya kuntchito inali chikolekere kuseri kwa chitseko. Mwa anzawo onse a pantchito anabwera kudzawaona ndi mmodzi yekha, ndipo anangoima pakhomo la wodi, maso ali pansi.

Lachisanu nditaweruka kuofesi kwathu ku Westlands ndinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, mpaka pamalo olembedwa mufomu aja. Mayi wina wootcha chimanga pamenepo anandiuza kuti chaka chino palibe amene wadulapo ngakhale nthambi. Nditabwerera kuchipatala ndinafunsa namwino amene anawalandira tsikulo. Anati sanabwere ndi lole ya khonsolo ayi, anabwera ndi galimoto yaing'ono yochokera ku Karen, dera lina la mumzinda muno.

Nditawafunsa a Jimmy, anaulula zonse. Akuti a Wafula anawatenga pamodzi ndi anzawo awiri, nthawi ya ntchito, kuti akagwetse bulugama pa puloti pamene a Wafulawo akumanga nyumba yawo ku Karen. Anawauza kuti asavale ovololo poopa maso a anthu. Akuti zimenezi sizinayambe lero. Akutinso tikaulula zoona, a Wafula adzalemba kuti a Jimmy anathawa pantchito kupita kuganyu, basi ntchito yatha, chipukuta misozi palibe.

"Amake Lonjezo," anatero, "ine mtengo sindidzakweranso. Mukakana kusaina, anawa tiwalera ndi chiyani?"

M'mawa mwake ndinakumana ndi a Wafula pakhonde la chipatala, n'kuwauza kuti za ku Karen ndazidziwa. Sanadzidzimuke. Anamwetulira, n'kundifunsa ngati mapepala anga okhalira m'dziko muno ali bwinobwino, ati masiku ano alendo akuvutika, ndipo pakakhala vuto ndisachite manyazi kuwauza. Mapepala anga alibe vuto, mukudziwa.

Ndinasaina, achimwene.

Fomu ailandira kukhonsolo popanda funso lililonse. Dokotala adzawayeza a Jimmy mwezi wamawa kuti aone kukula kwa chilema, kenako ndalama zidzatuluka. Zidzachokera ku misonkho ya anthu ngati mayi wootcha chimanga uja, pamene bulugamayo amucheka kale matabwa a denga la a Wafula. Ndamva kuti anzawo awiri aja apitanso ku Karen sabata ino, kuli mtengo wina, ndipo lamba palibebe. Mmodzi mwa iwo mkazi wake ndi woyembekezera. Kawiri konse ndalemba uthenga woti ndimutumizire mayiyo, n'kuufufutanso. Ku Misa ndikupita, koma ikafika nthawi yolandira ndimangokhala pampando.

Ndikupempheni ziwiri. Mayi musawauze izi, kuthamanga magazi kwawo mukukudziwa. Muziti apongozi awo akupezako bwino. Chachiwiri, mundiyankhe mosandinyengerera: mukanakhala inu, mukanatani?

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana anu Atusaye ndi Thumbiko. Lonjezo ndi mlongo wake akuti azakhali awo adzawatumizire chigumu. A Jimmy akupereka moni; dzulo anakhala tsonga okha kwa mphindi zingapo, ndipo tonse tinalira.

A Wafula nawonso akuti ndikupatseni moni. Anakutchulani dzina, ndi sukulu imene mumaphunzitsa. Ine sindinawauzepo kuti ndili ndi mchimwene, ndipo a Jimmy akulumbira kuti si iwo.

Ndine mlongo wanu,
Tamanda